Kusuluka si kutha: mmene odziwa amaonera mfuti ya m'manja yakale

Mu 2018 bungwe la Civilian Marksmanship Program, limene lili ndi malo ake ku Anniston m'chigawo cha Alabama ku America, linayamba kugulitsa kwa anthu wamba mfuti za m'manja 8,000 zimene asilikali a dzikolo anazisiya. Zinali za mtundu wa M1911 ndi M1911A1, zambiri mwa izo zopangidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanathe. Anazigawa m'magulu molingana ndi mmene zinalili: zabwinoko pa madola 1,050, zapakati pa 950, zotopa kwambiri pa 850. Ofuna kugula anachuluka kuposa mfutizo moti anachita kuwaponyera maere. Zinali mfuti zosuluka, zokandikakandika, zambiri zokhala ndi zitsulo za makampani osiyanasiyana chifukwa amisiri a asilikali ankazimasula n'kuzimanganso osasamala kuti chitsulo ichi chinabadwa ndi mfuti iti. Amene anachita mwayi atakatenga zawo, anakumana ndi funso limene aliyense wogula mfuti yakale amakumana nalo: ndiisiye chonchi, kapena ndiipititse kwa mmisiri akaikonze kunjaku iwale ngati yatsopano?

Msika waukulu wa mfuti zotere uli ku America, ndipo nzeru zambiri za nkhaniyi zachokera komweko. Ku Britain malamulo a 1997, amene anabwera anthu ataphedwa pa sukulu ya ku Dunblane chaka cha 1996, anachotsa mfuti za m'manja pafupifupi zonse m'manja mwa anthu wamba. Ku South Africa msika ulipo ndithu, koma umayendetsedwa ndi lamulo la Firearms Control Act la 2000, limene linayamba kugwira ntchito mu 2004: munthu amayamba wapeza chiphaso chosonyeza kuti ndi woyenera, kenako laisensi ya mfuti imeneyo payokha, ndipo woikonza ayenera kukhala mmisiri wa laisensi. Kwathu ku Malawi kukhala ndi mfuti popanda chilolezo ndi mlandu wokalowa nawo kundende, ndipo anthu wamba amene ali ndi mfuti za m'manja mwalamulo ndi ochepa. Komabe nkhaniyi aliyense amene anagulapo galimoto yogwiritsidwa kale ntchito aimva mosavuta. Galimoto ya penti wosuluka koma injini yabwino, ndi galimoto yopentedwa dzulo pofuna kubisa ngozi, tonse timadziwa imene imatidyera ndalama.

Kutha kwa kunja ndi kutha kwa mkati

Mfuti ya m'manja imatha m'njira ziwiri zosayenderana. Njira yoyamba ndi kunyamulidwa. Wapolisi amene wavala mfuti m'chiuno kwa zaka khumi amailowetsa ndi kuitulutsa m'chimake tsiku ndi tsiku, imakhulana ndi lamba wa mpando wa galimoto, imagunda mafulemu a zitseko, imanyowa ndi thukuta. Utoto wakuda umachoka m'makona, kumlomo kwa mpope ndi mbali ya chogwirira imene imayang'ana kunja, n'kutsala chitsulo choyera mbee. Njira yachiwiri ndi kuwombedwa. Iyi imadya mkati: masipuling'i amafooka, malo amene zitsulo zimamenyana amaphwanyika pang'onopang'ono, moto wa onga umanyambita chitsulo.

N'chifukwa chake ku America mfuti zimene apolisi abweza kwa ogulitsa posinthanitsa ndi zatsopano zimalimbiraniwa. Ogula amati ndi mfuti zonyamulidwa kwambiri koma zowombedwa pang'ono, poti apolisi ambiri amawombera pokhapokha pa mayeso a kamodzi kapena kawiri pachaka. Kunja zimaoneka ngati zinagwa m'lole, mkati zili gwa. Pomwe mfuti ya munthu wa mipikisano, amene amaipukuta ndi kansalu kofewa n'kuisunga m'bokosi, ikhoza kukhala itadya zipolopolo masauzande makumi angapo ikuonekabe ngati ya m'sitolo.

Wodziwa akaitenga m'manja, chinthu choyamba sichikhudza kutha ayi. Amachotsa magazini, kabokosi kosungira zipolopolo, n'kukokera m'mbuyo slide, chitsulo cha pamwamba chija chimene chimabwerera m'mbuyo mfuti ikalira, n'kusuzumira m'chipinda cha chipolopolo, ena mpaka kupisamo chala. Ngakhale wogulitsa atangoonetsa kumene kuti mulibe kanthu, iye amabwerezanso, ndipo wogulitsa wanzeru sakwiya nazo. Akatero ndi pamene amatulutsa katochi.

Mpope amauunika kuchokera kumbuyo ataupukuta kaye, chifukwa litsiro limabisa zambiri ndipo nthawi zina limanamizira mpope wabwino. Mizere yopotana ya mkati, imene imazungulitsa chipolopolo, iyenera kuoneka yakuthwa m'mphepete. Mpope wakuda bii umene suwala ngakhale utapukutidwa, nthawi zambiri ndi ntchito ya zipolopolo zakale. Kabatani kakumbuyo kamene kamayatsa onga kankapangidwa ndi potassium chlorate, imene ikapsa imasiya mchere mumpope. Mchere umakoka chinyezi, ndipo mafuta sausungunula, umafuna madzi. Amene sankadziwa ankangothira oilo n'kusunga, pakapita masiku mpope wachita dzimbiri. Asilikali a ku America anasiya zipolopolo zotere cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, koma maiko a mbali ya Soviet Union anapitiriza nazo kwa nthawi yaitali, ndiye mfuti ngati Tokarev zimafunika diso lachiwiri. Chodabwitsa n'chakuti mpope wa timaenje tochepa ta dzimbiri umatha kulasabe bwino ndithu. Chimene sichikhululukidwa ndi mphete yakuda yozungulira mkati, imene nthawi zina chala chimaimva ngati kachotupa kunja. Imeneyo imasonyeza kuti chipolopolo china chinatsamira mumpope, wowombayo osazindikira n'kuwomberanso china pambuyo pake. Mpope wotero ndi wotaya. Mlomo wa mpope nawo ndi wofunika kuposa mmene anthu amaganizira. Kachibowo kakang'ono pamenepo, kobwera chifukwa chogwetsa kapena chopukuta ndi ndodo yachitsulo mosasamala, kamachititsa mpweya kutuluka mbali imodzi n'kupatutsa chipolopolo, ngakhale kuti mmisiri amakonza zimenezi pa mtengo wochepa.

Mtundu uliwonse uli ndi pamene umadwalira. Beretta 92 ili ndi kachitsulo ka mapiko awiri pansi pa mpope kamene kamatseka slide pa nthawi yowombera, ndipo mapikowo amang'aluka akatopa. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 asilikali a ku America anaona ma slide angapo a mfutiyi akuthyoka, mpaka kampani inaonjezera chotchinga kuti chidutswa chisaulukire kumaso kwa wowomba, n'kuitcha 92FS. Amene ali ku South Africa amaidziwa mfuti imeneyi m'dzina lina: Z88, imene inkapangidwa konko potengera Beretta 92 ndipo apolisi a dzikolo ainyamula kwa zaka zambiri. Ya Beretta ndi ya SIG Sauer P226 zili ndi fulemu, thupi la m'munsi la mfuti, ya aluminiyamu, ndiye pa izo amayang'anitsitsa njanji zimene slide imayendamo. Njanji zikadali zakuda kapena zotuwirako, zili bwino. Zikayamba kuwala ngati siliva ndi kukumbika, khungu lolimba latha ndipo chitsulo chofewa chayamba kudyeka. Koma timizere topindika ngati kumwetulira timene timaoneka pamwamba pa mpope wa SIG, timene ogula atsopano amachita nato mantha, ndi pamene zitsulo zimakhudzana basi, si matenda.

Revolver, mfuti ya silinda yozungulira yokhala ndi zipinda za zipolopolo, imafuna kuleza mtima kwambiri. Amakoka hamala, kachitsulo kakumbuyo kamene kamamenya kuti chipolopolo chiphulike, pang'onopang'ono, chipinda chilichonse payekhapayekha, akumvetsera ngati silinda ikukhoma kuti "khe" hamala isanafike kumapeto. Ikachedwa kukhoma ndiye kuti chipinda sichilunjika bwino ndi mpope, ndipo mfuti yotero imalavula tizidutswa ta mtovu m'mbali. Amakankha silinda kutsogolo ndi kumbuyo kuti amve kugwedera. Mpata wa pakati pa silinda ndi mpope amauyeza ndi feeler gauge, yomwe ija amakanika amayezera mapulagi ndi mavavu, ndipo umayenera kukhala pakati pa mamilimita 0.1 ndi 0.2. Pa Smith & Wesson Model 19 amaunika kumunsi kwa khomo la mpope, pamene chitsulo n'chopyapyala, chifukwa mfutiyi inadziwika ndi kung'aluka pamenepo ikadyetsedwa kwambiri zipolopolo zopepuka koma zaukali za .357 Magnum. Mng'alu wake umakhala ngati tsitsi, ndipo umabisala bwino pansi pa mwaye. Koma kamzere kozungulira silinda kunja, kamene kachitsulo kokhomera kamajambula, mfuti iliyonse yogwiritsidwapo ntchito ili nako.

Palinso kutha kobwera ndi manja a anthu, kumene ine ndimakuopa kuposa kwa zipolopolo. Mitu ya masikuluwu yophwanyika imanena kuti wina analowamo ndi sikuludiraiva ya m'khitchini, ndipo amene sanasamale sikuluwu n'kovuta kuti anasamala za mkati. Pa M1911 pali kamkwasa kopindika ngati mwezi kumanzere kwa fulemu, kamene munthu amajambula akamabwezera kachitsulo koimitsa slide mosadziwa. Aamerika anakapatsa dzina lachipongwe lonena kuti ndi chizindikiro cha chitsiru. Kameneko n'kongonyansa chabe. Zoopsa ndi za amene anapala zitsulo za thiriga, kachitsulo kokoka ndi chala powombera, kuti ikhale yofewa: hamala ikakokedwa n'kukankhidwa ndi chala chachikulu siyenera kugwa yokha. Chitsanzo china ndi Webley Mk VI, revolver ya asilikali a Britain ya 1915. Zambiri zitafika ku America ogulitsa anazisenga kumbuyo kwa silinda kuti zilandire zipolopolo za .45 ACP zimene zinkapezeka mosavuta kuposa za .455. Zipolopolo zimenezo zili ndi mphamvu yoposa imene mfutiyo inapangidwira. Odziwa amazindikira poona manambala a pasilinda odulidwa theka.

Masipuling'i, magazini ndi zoloza zowala usiku sizidetsa nkhawa, zimasinthidwa. Sipuling'i yobweza slide ambiri amaisintha ikadya zipolopolo pakati pa 3,000 ndi 5,000. Zoloza zowala zimagwiritsa ntchito tritium, imene mphamvu yake imatsika ndi theka pa zaka 12 zilizonse, ndiye pa mfuti ya apolisi yakale zimakhala zitazilala. Imeneyo ndi mfundo yonenerera mtengo basi.

Khungu lakuda lija n'chiyani?

Anthu ambiri amayesa kuti mfuti yakale inapakidwa penti. Zina inde, monga ma Browning Hi-Power a asilikali a Britain amene ankapakidwa penti wakuda, koma kuda kobiriwirako kwa mfuti zambiri zakale si penti. Ndi dzimbiri. Amisiri amakutcha bluing. Chitsulo chimamizidwa m'madzi owira a caustic soda ndi michere ina pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 140, ndipo pamwamba pake pamamera dzimbiri lakuda lotchedwa magnetite m'malo mwa lofiira lija limene limadya malata. Khungu limeneli n'lopyapyala zedi, tsitsi la munthu limaliposa kakhumi ndi kupitirira, ndipo palokha silitchinjiriza kwenikweni, limadalira mafuta. Viniga amalisungunula. Magazi akagonapo amasiya banga. Chala cha thukuta chimasiya chidindo chake chofiira pakangopita masiku ochepa.

Kupyapyala kumeneku ndi kumene kwabweretsa vuto lonse la kukonzanso. Popeza bluing sakwirira kanthu, kamkwasa kalikonse ndi kadzenje kalikonse ka dzimbiri kamaonekabe pansi pake. Kuti mfuti iwale, mmisiri ayenera kupala chitsulo mpaka chitsike kufika pansi pa kadzenje kozama kwambiri. Ndiye kukonzanso mfuti si kuonjezerapo kanthu. Ndi kuchotsapo chitsulo chimene sichidzabwereranso. Mmisiri waluso amapala ndi manja, sandipepa atakulunga pa kathabwa kosalala, akusamala makona ndi zilembo, ndipo zimamutengera masiku. Wothamangira ndalama amangoitsamiza pa gudumu lopolishira.

Ntchito ya gudumu imadziulula yokha mukaipendeketsa mfuti pa kuwala. Makona amene anali akuthwa amakhala obulungira ngati sopo wogwiritsidwa ntchito. Mbali zimene zinali zosalala zimaoneka ngati madzi a mafunde. Mabowo a masikuluwu amakhala ngati timbale, olowa mkati. Zilembo za dzina la kampani zimaoneka zopakika, mbali imodzi ili ndi mchira ngati inki imene yakhudzidwa isanaume, ndipo kahatchi ka pa chizindikiro cha kampani ya Colt kamatsala kopanda miyendo ina. Timaenje ta dzimbiri tokhala takuda mkati, m'malo mofiira, timasonyeza kuti utoto unabwera dzimbiri litadya kale. Nthawi zina zitsulo zina zimatuluka zofiirira ngati nthuza. Pa Smith & Wesson yakale hamala ndi thiriga zimayenera kukhala za mawangamawanga a utawaleza; zikakhala zakuda mofanana ndi thupi lonse, wina anamiza zonse pamodzi. Apa ndi pamene mwambi wa chikomekome cha nkuyu umagwira ntchito kwenikweni: mfuti ya zaka 80 yowala ngati yatuluka m'fakitale dzulo iyenera kufunsidwa mafunso ambiri kuposa inzake yosuluka.

Palinso mankhwala a m'botolo, opaka osawiritsa, amene amagulitsidwa kuti munthu azitsekera timikwasa. Ali ndi selenium, sakhalitsa, ndipo amasiya fungo lake ngati la mazira owola pang'ono. Ogula akale amanunkhiza mfuti m'makona, anthu n'kumaseka, koma iwo akudziwa chimene akufuna.

Njira zimene zilipo, ndi zimene zimadya

Bluing ya madzi owira ndiyo yofala pa zitsulo wamba. Sigwira pa chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo aluminiyamu amasungunuka m'madzi amenewo. Ilipo njira ina yakale yochedwa, imene amapaka asidi wofooka, n'kusiya chitsulo chichite dzimbiri lofiira mwadala, n'kuchiwiritsa m'madzi wamba kuti dzimbirilo lide, n'kupukuta, n'kubwerezanso kangapo. Imadya sabata kapena kuposa, koma imakhalitsa ndipo ndi imene imayenera mfuti zakale kwambiri zimene zinapangidwa motero.

Ya asilikali ndi Parkerizing, dzina lochokera ku banja la Parker limene linatsegula kampani yake ku Detroit mu 1915. Chitsulo chimawombedwa ndi mchenga kenako n'kumizidwa m'madzi otentha a phosphate, ya manganese kapena ya zinc, n'kutuluka chotuwa, chosawala, chokhakhala. Kukhakhalako n'kumene kuli phindu, chifukwa kumamwa mafuta ngati siponji. Ma M1911A1 ambiri a nthawi ya nkhondo anali otere, ndipo ambiri mwa aja a ku Anniston anali atamizidwanso kamodzi kapena kawiri m'malo okonzera zida a asilikali. Osonkhanitsa mfuti amavomereza kukonza kumeneko ngati mbali ya mbiri ya mfutiyo, makamaka ngati pali chidindo cha malo amene inakonzedwera. Zimene savomereza ndi za munthu wamba m'galaja mwake.

Masiku ano dzina limene lili pakamwa pa aliyense ndi Cerakote, utoto wosakaniza ndi ceramic wopangidwa ndi kampani ya NIC Industries ku Oregon. Amauwaza ngati penti wa galimoto, mfuti itamasulidwa yonse, itachotsedwa mafuta ndi kuwombedwa mchenga, kenako n'kuuumitsa mu uvuni pa madigiri pafupifupi 120 kwa maola awiri. Umagwira pa chitsulo, aluminiyamu ngakhale pulasitiki, umabwera m'mitundu yonse, ndipo pa nkhani ya dzimbiri umaposa bluing kutalitali. Kwa munthu wokhala kunyanja monga ku Durban kapena ku Florida, amene mfuti yake imagona pa thukuta tsiku lonse, ndi njira yanzeru. Koma ndi chovala chapamwamba, chokhuthala pafupifupi kakhumi kuposa bluing. Wowaza wa dzanja lolemera amatseka mabowo a mapini, amathinitsa njanji, amakwirira zilembo. M'makona umadzasulukabe ndi chimake, ndipo kusuluka kwake sikukongola ngati kwa bluing. Chimene chimandinyansa kwambiri n'chakuti umabisa: kadzenje ka dzimbiri, malo owotcherera, ngakhale mng'alu waung'ono zimalowa pansi pake. Mfuti yakale yowazidwa kumene, wogulitsa osatha kufotokoza chifukwa chake, ndi yofunika kuiika pansi.

Mfuti ya mtundu wa Glock ili ndi nkhani yakeyake. Kuyambira pamene asilikali a ku Austria anaisankha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, slide yake inkalimbitsidwa ndi njira yotchedwa Tenifer, imene imalowetsa nitrogen ndi carbon m'chitsulo chenichenicho pa kutentha kopitirira madigiri 500. Kuda kumene timaona ndi utoto wina wapamwamba. Ndiye Glock ya apolisi yoyera m'makona siili maliseche ayi. Chitetezo chili mkati mwa chitsulo, ndipo kuikonzanso n'kungofuna kukongola. Makampani ena amachita zofananazo m'dzina la Melonite, ndipo mmisiri akhoza kutumiza mfuti yachitsulo kukachitidwa zimenezi, koma kutentha koteroko si kwa mfuti yakale imene simukudziwa mmene chitsulo chake chinapsera.

Fulemu ya aluminiyamu ndi msampha. Khungu lake limabwera ndi magetsi m'madzi a asidi, njira yotchedwa anodizing, ndipo khungulo ndi limene lili lolimba, osati chitsulo cha pansi. Kulichotsa kuti muike lina kumadya fulemu, mabowo n'kukula. Kuliwomba mchenga mwamphamvu pokonzekera penti kumachotsa chinthu chokhacho chimene chimateteza njanji. Amisiri osamala amangolikhakhalitsa pang'ono n'kuwaza pamwamba, kapena amakana ntchitoyo. Za nickel ndi chrome tingodutsapo mwachidule: chrome yolimba imapirira kuposa zonse koma imayeretsa mfuti ndi kuonetsa chilema chilichonse, pomwe nickel yakale ikayamba kusupuka palibe kuzigamba, imafuna kuchotsedwa yonse.

Pa njira zonsezi pali malo amodzi osakhudza: nambala ya mfuti. Ku America lamulo limafuna kuti pa mfuti zopangidwa kuyambira 2002 nambala ikhale yozama mainchi 0.003, amene sakwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Gudumu lopolishira likhoza kuifafaniza m'kanthawi kochepa, ndipo kukhala ndi mfuti ya nambala yofufutika ndi mlandu wa zaka mpaka zisanu, osayang'ana kuti anafufuta ndani. Ku South Africa nakonso kusokoneza nambala ndi mlandu. Nambala yooneka yopalidwa, yodindidwanso kapena yosiyana ndi ya pa mapepala si nkhani yonenerera mtengo. Pamenepo munthu amangotembenuka n'kumapita.

Nanga ndalama?

Kampani ya Singer, yomwe ija ya makina osokera amene atelala athu amapalasa m'makhonde a sitolo, inapangapo mfuti. Inapanga ma M1911A1 okwana 500 okha cha mu 1941, kenako boma linaipatsa ntchito zina za nkhondo. Kampani ya makina otaipira ya Remington Rand ndi imene inapanga zambiri, pafupifupi 900,000. Mu 2017 imodzi mwa za Singer zija, yokhala ndi utoto wake woyambirira, inagulitsidwa pa okushoni ku Rock Island pa madola 414,000. Mwini wake wina akanakhala kuti anaitengera kwa mmisiri wa gudumu zaka za m'ma 1960 kuti iwale, ndalama zambiri mwa zimenezo zikanapita ndi fumbi la polishi.

Chitsanzocho n'chapatali, koma mfundo yake imagwira ngakhale pa mfuti wamba. Osonkhanitsa amayeza mfuti ndi maperesenti a utoto woyambirira umene watsala, ndipo yokonzedwanso, ngakhale itakongola bwanji, utoto woyambirira ilibe. Colt, Luger kapena Smith & Wesson yakale ya utoto wosuluka theka nthawi zambiri imagulidwa kuposa inzake yowala yokonzedwanso. Ku mbali inayi, mfuti ya apolisi yopangidwa mamiliyoni ilibe mtengo wa osonkhanitsa woti uonongeke, koma ndalama za Cerakote sizibwerera pogulitsa. Wogula wotsatira salipira penti amene inu munasankha, makamaka ngati munasankha wobiriwira. Ndiye pa mfuti yodula kukonzanso kumadya mtengo, pa yotchipa kumadya m'thumba. Amene amakonza ayenera kudziwa kuti akudzikonzera yekha.

Si kuti palibe nthawi yoyenera. Mfuti imene ilibe mbiri yapadera, imene utoto watheratu ndipo dzimbiri likubwerera mwezi ndi mwezi ngakhale ikupakidwa mafuta, kuikonza n'kuipulumutsa. Imene wina anaiononga kale ndi gudumu kapena penti wa m'chitini ilibenso chotaya. Yopulumuka m'madzi osefukira ikhoza kutsitsimutsidwa. Yopulumuka ku moto wa nyumba ndi nkhani ina: ngati masipuling'i afooka ndi kutentha kapena zogwirira zapserera, chitsulo chikhoza kukhala chitafewa, ndipo utoto watsopano pa mfuti yotero ndi bodza loopsa kwa amene adzaiwombe. Palinso amisiri ochepa amene amabwezeretsa mfuti mmene inalili ku fakitale, kudinda zilembo mwatsopano ndi kutsata njira ya chaka chimene inapangidwa, koma mtengo wawo nthawi zambiri umaposa wa mfutiyo.

Pakati pa kusiya ndi kukonzanso pali njira yachitatu imene osunga zinthu zakale amakonda, yongoimitsa dzimbiri osachotsa mbiri. Amachotsa zogwirira, chifukwa pansi pake ndi pamene thukuta limabisala ndipo dzimbiri loopsa limapezeka pomwepo kunja kukuoneka bwino. Malo ofiira amawanyowetsa ndi oilo kwa tsiku lathunthu, kenako n'kupukuta mopepuka ndi sitiliwulu yosalala kwambiri ya nambala 0000, osati yokwechera mapoto ija. Ena amakanda dzimbiri lotupa ndi kachidutswa ka kopa, kamene n'kofewa kuposa chitsulo. Ena amawiritsa zitsulozo m'madzi oyera kuti dzimbiri lofiira lisanduke lakuda, monga amachitira pa bluing yochedwa ija. Akamaliza amapaka mafuta pang'ono kapena phula, n'kuisunga kunja kwa chimake, poti chikopa chimasunga chinyezi ndipo mankhwala ofufutira zikopa amadya chitsulo. Timaenje timatsala, makona amakhalabe oyera, dzina la kampani likuwerengeka bwinobwino, ndipo mbali ya kumanja kwa chogwirira ikuonetsabe pamene dzanja la mwini wake woyamba linkagwira.